Galimoto ya Waya ndi Ulalo wa pa Luangwa

Inu a ku Petauke ndi ku Nyimba, nkhani ya lero iyambira kwanu. Inu amene munayendapo ulendo wa ku Lusaka mudziwa kuti basi ikanyamuka pa Nyimba, anthu atagula nthoci zao, ipitirira pa Kacholola ndi kuyamba kutsetsereka m'mapiri mokhotakhota kufikira itafika pa mtsinje wa Luangwa. Pamenepo pali ulalo waukulu wolenjekeka pa zingwe zacitsulo, ndipo zingwezo zitsika kucokera pamwamba pa nsanamira zazitali, zina tsidya lino, zina tsidya lija. Ulalo umenewu unatsegulidwa m'caka ca 1968. Amene anaulinganiza pa pepala ndiwo mainjiniya a Freeman Fox and Partners a ku London, ndipo danga la pakati pa nsanamira zace ndi mamita 222. Usanamangidwe umenewu panali wina wopapatiza, umene unamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930 ndi ndalama za Beit Trust.

Monga zinaliri pa nchito zonse zazikulu za masiku aja, manja amene anakumba ndi kusenza simenti anali a anthu a dziko lino, koma pepala linali la anthu akunja. Lero ndifuna kukamba za pepalalo: cifukwa cace linakhala kutali ndi ife nthawi yaitali, ndi cimene anapeza anthu ofufuza za maganizo a munthu pamene anafunsa ngati mwana wa kuno angathe kuliwerenga.

Tiyambe ndi makolo. Azungu asanafike, Ansenga ndi Acewa anali ndi amisiri ao osungunula citsulo m'ng'anjo ndi osula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Mnyamata wofuna umisiri umenewu sanali kukhala pansi kumvera mau tsiku lonse. Anayamba ndi kutola makala, pambuyo pace anapatsidwa mvukuto, ndipo pobvukuta paja maso ace anali pa moto, kuphunzira kufiira kwa citsulo cimene capsa ndi cimene cisanapse. Nyundo anaigwira potsiriza. Akalakwa, khasu linang'aluka pamaso pace, ndipo sipanafunike munthu womuuza kuti walakwa. Maphunziro otere anali ndi mphamvu yace, koma analinso ndi malire: nzeru inali m'manja ndi m'maso a mmisiri, ndipo mmisiri akamwalira asanaphunzitse wina, inapita naye kumanda. Makasu a m'sitolo atacuruka, ng'anjo zinazima.

Kenaka kunabwera mamishoni. A Dutch Reformed Church anatsegula Nyanje m'caka ca 1905 ndi Hofmeyr m'caka ca 1914, pambuyo pace Merwe, ndipo Akatolika anamanga Minga. Pa mamishoni anthu anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, ndipo ena anaphunziranso kuumba njerwa, kumanga ndi kupala matabwa. Tisanyoze zimenezi, pakuti nyumba zina zimene amisiriwo anamanga zaona mibadwo itatu. Koma mmisiri wa pa mishoni anaphunzitsidwa kutsata muyeso umene wina anaika. M'caka ca 1924 kunafika gulu la Phelps-Stokes kudzaona masukulu a m'maiko ano, ndipo uphungu wao unali wakuti maphunziro a Mwafirika ayenerane ndi moyo wa kumudzi. Mauwo anamveka okoma, koma zipatso zace zinali zakuti mwana wa kumudzi aphunzire zomsunga kumudzi. Sukulu ya sekondale ya Boma ya ana aciafirika, ya Munali, inayamba m'caka ca 1939. Ku migodi nako, kumene amuna ambiri a ku Petauke anapita kukagwira nchito, lamulo linaletsa Mwafirika kulembedwa monga wophunzira umisiri wa makina kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Munthu anatha kunyamulira mzungu bokosi la masipanala zaka makumi awiri, kudziwa kulira kwa makina onse, koma osaloledwa kukhala ndi cikalata.

Cotero pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, anthu ace amene anatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 cabe, ndipo mainjiniya pakati pao anali ocepa ndithu. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndipo sukulu yace ya uinjiniya inayamba m'caka ca 1969, caka cimodzi ulalo uja utatha. Mseu womwewu umene upita pa Nyimba ndiwo upitanso pa cipata ca yunivesiteyo, pafupi makilomita 400 kucokera ku Petauke.

Tsono cipata citatseguka panatsala cinthu cina cimene lamulo silikanatha kucotsa, ndico mbiri imene inali kuyenda pakati pa eni migodi ndi aphunzitsi ena, yakuti Mwafirika sadziwa kuwerenga cithunzi. Kuti mumvetse kuopsa kwa mbiri imeneyi, ndiyenera kulongosola pang'ono za pepala la injiniya. Injiniya akafuna kuti citsulo cakuti cisulidwe, sacijambula monga diso licionera. Acijambula katatu: monga cionekera kutsogolo, monga cionekera pambali, ndi monga cionekera kwa munthu wocipenya ali pamwamba. Zimene zabisika m'kati aziika ndi mizere yodukaduka. Wowerenga pepalalo ayenera kutenga zithunzi zitatu zaphwatalala ndi kuziumba m'mutu mwace zikhale cinthu cimodzi ca msinkhu, mimba ndi utali, ndi kucitembenuza m'mutu momwemo. Amene sakhoza zimenezi sangathe kupita patsogolo pa uinjiniya, cinkana masamu awadziwe cotani.

Mbiri ija inalandira mphamvu m'caka ca 1960, pamene William Hudson wa ku Johannesburg anafalitsa zimene anapeza poonetsa anthu zithunzi zojambula pa manja. Cithunzi codziwika koposa ciri ndi mlenje atasamula mkondo, kutsogolo kwace kuli nswala, ndipo pakati pa awiriwo pali njobvu yaing'ono itaima pa kaphiri. Wojambulayo anaicepetsa njobvu kuti ioneke monga iri kutali. Hudson anali kufunsa kuti mlenje afuna kulasa ciani. Woyankha kuti nswala anayesedwa wodziwa kuona kuya kwa cithunzi. Woyankha kuti njobvu, popeza ndiyo iri pafupi ndi nsonga ya mkondo pa pepalapo, anayesedwa wosadziwa. Anchito ambiri akuda osapita kusukulu anayankha kuti njobvu. Hudson mwini anapezanso kuti azungu osaphunzira anali kulakwa momwemo, ndipo ananena kuti kuona kotere munthu acita kuzolowera. Koma mudziwa m'mene mbiri iyendera: mbali imene ikondweretsa wonena ndiyo ifika patali, inayo itsala panjira.

Yankho lolimba linacokera m'dziko lino lomwe. Ku Lusaka, m'bungwe lofufuza la yunivesite yatsopanoyo, munali anyamata awiri ophunzira za maganizo a munthu, Jan Deregowski ndi Robert Serpell. Deregowski anatenga ana a sukulu ndi anchito a m'nyumba a mu Lusaka, nawaonetsa zithunzi za Hudson, ndipo ambiri analephera monga kunayembekezeka. Koma iye sanalekere pomwepo. Anawapatsa cithunzi cina ca mizere cabe, pamodzi ndi timitengo ndi dongo, nati apange cimene aciona. Ambiri mwa iwo aja anayesedwa osaona kuya anamanga cinthu coima, cokhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo, osati cogona pa thebulo. Zimenezi zinafalitsidwa m'caka ca 1968. Anthu anali omwewo, maso omwewo; cimene cinasintha ndi kafunsidwe. Pofunsidwa ndi mau analephera, pofunsidwa kuti ayankhe ndi manja anakhoza.

Serpell, amene anafika kuno m'caka ca 1965, anaona cinthu cimene ife tonse ticiona tsiku ndi tsiku osacilabadira, ndico galimoto ya waya. Palibe mwa inu wosaidziwa. Mnyamata atola waya, auongola ndi mwala, aupinda thupi la galimoto, amanga pokumana ndi malegeni kapena ndi kawaya kofewa, magudumu apanga ndi zitini kapena zitsekero za mabotolo, ndipo potsiriza aikapo ciongolero cacitali cakuti akacipotoza iye ali ciriri, magudumu a kutsogolo akhota. Ine ndikumbuka kukalipiridwa cifukwa ca waya wa mpanda wa dimba, ndipo ndiyesa ena a inu amene muli ndi imvi tsopano mukumbuka zomwezo.

Serpell anatenga ana a ku Lusaka ndi ana a ku Manchester ku England a msinkhu umodzi, nawapatsa zitsanzo zakuti apange zofanana nazo m'njira zosiyana: ndi pensulo pa pepala, ndi waya, ndiponso ndi dongo. Zotsatira zace zinafalitsidwa m'caka ca 1979. Pa pensulo ndi pepala ana a ku England anapambana. Pa waya ana a ku Zambia anapambana. Pa dongo, limene ana a maiko onse awiri aseweretsa, panalibe wopambana mnzace.

Taganizani bwino za zimenezi, pakuti apa ndipo pagona nkhani yonse. Akadayesa ndi pepala lokha, monga mayeso ambiri acitira, akadalemba kuti ana a ku Zambia ali m'mbuyo pa kuona maonekedwe a zinthu. Akadayesa ndi waya wokha, akadalemba zomwezo za ana a ku England, ndipo ndikaika ngati wina akadabvomera kusindikiza. Koma poyesa ndi zonse zitatu kunaoneka kuti luso la mwana likula pa cinthu cimene manja ace azolowera, ndi kuti silidumpha lokha kucoka pa waya kupita pa pepala. Mwana wa ku Manchester anakula ndi mapensulo ndi mabuku a zithunzi asanalowe sukulu. Mwana wa kuno anaiona pensulo tsiku limene analembedwa sukulu, ndipo anaigwiritsa kulemba malembo, osati kujambula. Kucokera m'nchito imeneyi munaturuka mayeso ochedwa Panga Munthu, m'mene mwana apatsidwa dongo kuti aumbe munthu, m'malo mwa kumjambula pa pepala monga acitira mayeso a ku Ulaya ndi ku America.

Ndipo tisaiwale kuti Azungu naonso sanabadwe ndi pepala la injiniya. Njira ya kujambula cinthu mbali ndi mbali mwa dongosolo lace inakonzedwa ndi Gaspard Monge wa ku France, amene anayamba kuiphunzitsa poyera ku Paris m'caka ca 1795. Ndi cilembo ca anthu, monga alifabeti, ndipo aliyense ayenera kuciphunzira.

Serpell anafikanso kuno kum'mawa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 anakhala akuceza ndi akulu a m'midzi ya ku Katete, anansi anu, kuwafunsa kuti pakagwa nchito yakuti, mwa ana a pamudzi angatume uti, ndi cifukwa ninji. Anapeza kuti kwa Acewa nzeru iri ndi miyendo iwiri: kucenjera, ndi kutumikira, ndiko kuti kukhala munthu wotumika ndi wokhulupirika. Kucenjera kopanda mwendo winawo akulu sanakuyese nzeru. Buku lace la nkhani imeneyi linaturuka m'caka ca 1993, ndipo iye anadzakhala mkulu wa Yunivesite ya Zambia kuyambira 2003 kufikira 2006. Ine ndiona kuti akulu a ku Katete ananena cimene sukulu iriyonse ya uinjiniya iyenera kumva, pakuti injiniya wocenjera amene acepetsa simenti kuti atsale ndi ndalama ndiye woopsa koposa wopusa.

Tsono funso nali: ngati luso la kutembenuza cinthu m'mutu licita kuphunziridwa, kodi lingaphunzitsidwe kwa munthu wamkulu amene walowa kale ku koleji? Pano tiyenera kuoloka nyanja pang'ono. Ku America, pa Michigan Technological University, kunali mai wina, Sheryl Sorby, amene pa utsikana wace anali kupambana masamu, koma atafika pa phunziro la kujambula kwa mainjiniya anabvutika kwambiri. Atakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo, m'caka ca 1993 iye ndi mnzace Beverly Baartmans anayambitsa phunziro lapadera. Ophunzira atsopano anali kuyesedwa pa luso la kutembenuza zinthu m'mutu, ndipo olephera sanali kubwezedwa, koma anali kupatsidwa masabata angapo a kuzolowera. Anali kumanga tinthu ndi timabokosi tolumikiza, kutigwira, kutitembenuza m'manja, ndi kutijambula mbali zonse, mobwerezabwereza, kuyambira pa tapafupi kunka ku tobvuta. Potsatira ophunzirawo zaka zambiri kunapezeka kuti luso lao linakwera, anakhoza bwino maphunziro ena a uinjiniya, ndipo ambiri, makamaka akazi, anatsiriza m'malo mwa kuleka panjira.

Muona kuti bvuto limene anati ndi la Mwafirika linapezeka pakati pa ana a ku Michigan, ndipo mankhwala ace anali kubweza cinthu m'manja mwa wophunzira ndi kumuolotsa pang'onopang'ono kupita pa pepala. Ana a ku Michigan anagulidwa timabokosi kuti apeze cimene mnyamata wa ku Nyimba apeza pa dzala. Koma mau aja akuti makamaka akazi atikhudza ifenso. Galimoto ya waya kwathu ndi sewero la anyamata. Mtsikana pa nthawiyo ali kumtondo kapena ali ndi mwana kumbuyo. Mphunzitsi wotamanda waya wokha adzasiya theka la kalasi lace kunja. Mtsikana amene aumba mphika kapena kudula nsaru ya diresi naye atembenuza zinthu m'mutu, ndipo poyambira pace mpamenepo.

Zofufuza zina za zaka zapitazi ziloza kumodzimodzi, ndipo ndingozikhudza. John Sweller wa ku Australia anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti mutu wa munthu usenza zinthu zatsopano zowerengeka cabe pa nthawi imodzi, kotero kuti woyamba kumene aphunzira msanga akaonetsedwa citsanzo cotsirizika, phazi ndi phazi, asanaponyedwe pa funso lobvuta yekha. Wosula uja anadziwa zimenezi pamene anapatsa mnyamata mvukuto asanampatse nyundo. Ndipo m'caka ca 2014 Scott Freeman ndi anzace anasonkhanitsa zofufuza 225 za makalasi a sayansi, masamu ndi uinjiniya m'mayunivesite. Kumene mphunzitsi anali kungolankhula ophunzira nalemba, olephera anali ngati 34 mwa 100 ali onse. Kumene ophunzira anali kucita kanthu m'kalasi, kuyankha, kutsutsana ndi kuyesa, olephera anali ngati 22.

Ife amene tinaphunzira mwa kukopa zolembedwa pa bolodi tidziwa kalasi la mtundu woyambawo. Ndinaona mwana wina wa kwathu, wodziwika pamudzi ponse pa kukonza njinga ndi mawailesi, atabwera kucokera kusukulu ndi buku lodzaza zithunzi za makina zokopedwa bwino lomwe, koma atafunsidwa kuti kacitsulo aka ka pa pepala ndi kati pa njinga, anangoti kukamwa yasa. Kacitsuloko anali atakamasula kambirimbiri ndi manja ace. Panalibe amene anamuuza kuti za m'buku ndi za pa njinga ndi cinthu cimodzi.

Koma ndisakunamizeni, abale anga, kuti wopanga galimoto ya waya ndi injiniya kale. Galimoto ya waya sisenza katundu, ndipo ikathyoka palibe maliro. Ulalo wa pa Luangwa usenza malori odzaza cimanga ndi mafuta usana ndi usiku, ndipo cingwe ciri conse ca pamenepo cinawerengedwa mphamvu yace ndi masamu cisanasulidwe. Cinthu cotere sungaciyese mwa kumanga ndi kuona ngati cigwa. Ndico cifukwa cace pepala ndi masamu sizingalambalalidwe, ndipo amene auza ana athu kuti nchito ya manja iwakwanira abwereza mau a 1924 m'cobvala catsopano. Cimene ndinena ndi cakuti njira yopita ku pepala iyambire pamene mwana waima.

Malo ocitira zimenezi alipo. Ku Ukwimi, kumene kunakhala othawa nkhondo a ku Mozambique kuyambira m'caka ca 1987, kuli sukulu ya umisiri, ndipo ku Chipata kuli ina. Masukulu otere ayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Koma nchito imene ndikamba iyamba kale, m'masukulu a pulaimale ndi sekondale a m'midzi ya Kalindawalo, Ndake, Nyalugwe ndi Luembe, ndipo sifuna makina ocokera kunja.

Mphunzitsi angathe kuuza ana kuti mawa aliyense abwere ndi cinthu cimene anapanga yekha, kaya galimoto, kaya kamphika, kaya msampha wa mbewa. Aciike pa thebulo, acijambule kutsogolo, pambali ndi pamwamba, ndi kulembapo miyeso ndi rula. Tsiku lotsatira zinthuzo zibisike, mapepala asinthanitsidwe, ndipo aliyense apange cimene ciri pa pepala la mnzace, wojambulayo osaloledwa kulankhula. Pamene ziwirizo ziikidwa pamodzi, mwana aona yekha kuti anaiwala kulemba kutalikirana kwa magudumu, kapena kuti ciongolero anacijambula mbali imodzi yokha, mnzace nacilumikiza kumbuyo. Abwerere ku pepala, akonze, ayesenso sabata la mawa. Pambuyo pace mphunzitsi atambalitse waya pakati pa njerwa ziwiri, apacikepo botolo, ana athiremo madzi pang'onopang'ono ndi kulemba m'mene wayayo ukugonjera. Kenaka aimike timitengo tiwiri, amange ulusi kucokera pamwamba pace kufika pakati pa wayayo, ndipo awafunse aneneretu, asanathire madzi, kuti tsopano usenza ocuruka bwanji.